Phala la wodwala talimwa ndife

Loweruka ndinakwera Luas, sitima ya mumzinda wa Dublin, kupita ku Tallaght kukazonda mnzanga, a Mbewe. Atuluka m'chipatala ataonda moti wotchi ikutsetsereka yokha pamkono. Madokotala akuti sawachita opaleshoni mpaka thupi litabwerera.

Choncho anawapatsa zitini za ufa wa phala wokonzedwa kufakitale, wothira kale mkaka, ayironi ndi mavitamini. M'chitinimo muli kasupuni kake. Muyezo ndi umodzi: ufa wakuti, madzi akuti, kapu imodzi, munthu mmodzi.

Ndinapeza pabalaza padzaza a kutchalitchi. Akazi awo a Mbewe, mayi a ku Chipata, anasuzumira n'kutiwerenga ndi maso. Ndili pafupi ndi khomo la kukhitchini ndinawaona akutapa ufa wa munthu mmodzi, kenako n'kupendeketsa ketulo. Anathira, anathiranso.

"Alamu, madziwo sanachuluke?" ndinafunsa.

"Iyayi ba shikulu! Manje mufuna amwe okha anthu akuyang'ana? Nyumba ino si ya azungu." Ba shikulu ndi mmene amanditchulira mwa chikwawo, kutanthauza agogo.

"Koma dokotala..."

"Dokotala sabwera kudzapemphera kuno. Landirani kapu."

Ndinalandira. Tonse tinamwa, tinayamikira kukoma. A Mbewe anamwa gawo lawo, madzi oyera ofunda, n'kutithokoza chifukwa chobwera.

Ine sukulu ndinayamba ndevu zitamera, koma izi ndazimvetsa. Amene amakonza zakudya zoterezi amayeza chilichonse kuti kapu ya lero ifanane ndi ya mawa, ndipo wodwala wa ku Ballymun, dera lina la mzindawu, alandire zomwe walandira wa ku Tallaght. Mphamvu yake ili mu muyezowo. Mukaonjeza madzi, mtundu umatsala, fungo limatsala, chakudya chimachoka.

Koma ife tinakula ndi mawu akuti chakudya sichichepa, chimachepa ndi chovala. Ndi mawu abwino. Anatidutsitsa m'zaka zovuta. Kungoti amene anawapeka sankanena za chakudya chimene ndi mankhwala. Kodi munaonapo munthu akugawira alendo mapilitsi ake a shuga? Nanga bwanji akangowaika mu ufa timaiwala?

A kufakitale nawonso amayezera munthu wodya yekha, chitseko chili chotseka. Sadziwa kuti kwathu wodwala ndiye amalandira alendo ambiri kuposa wathanzi. Kasupuni kawo sikadziwa manyazi a mayi wapanyumba.

Izi sizinayambire ku Dublin. Ndili mnyamata kwathu ku Ntcheu, phala la kusikelo linkabwera m'dzina la mwana mmodzi, koma mbale zinkakhala zambiri. Mwanayo anali mng'ono wanga. Ndilekere pomwepo.

Sindikuwadzudzula mayi Mbewe. Anachita zimene aliyense wa ife akanawanena akanapanda kuchita. Amene akufunika kusintha ndi ife okhala pampando, otambasula dzanja.

Lachitatu ndinapitanso, nditanyamula buledi ndi masamba a tiyi. Kapu ya phala itabwera ndinaikankhira kwa a Mbewe.

"Mwayamba kunyada, ba shikulu?" anatero mayiwo, nkhope itagwa. Sanandiperekeze pakhomo, ndipo mpaka lero sanandiyankhe foni.

A Mbewe akakwera sikelo sabata yamawa. Inu amene mukukonza zokawazonda Lamulungu likudzali, kapu ikakufikani, mukamwa ya ndani?