Bwana Sakwera Sikelo

Amene anandiwonongera dzina ndi kalaliki wathu uja amakhala ku Geisha, wa masatifiketi atatu pakhoma. Akudzidziwa. Ine sukulu ndinalekera Sitandade 4, inde, koma manambala a pa sikelo sanandivutepo.

Tinkagwira ntchito limodzi pa kakampani ka ndege zing'onozing'ono, za mipando sikisi. Ine ndinkapima katundu ndi anthu n'kutchula makilo, iye n'kumalemba pa fomu. Woyendetsa ndege anali mayi wa ku Nkhata Bay. Tsiku langa loyamba anandiuza kuti, "Dada, iyi si minibasi. Ikalemera imamwa mafuta chomene. Mukawonjezera thumba, mwadula mtunda." Ndinamva kamodzi, basi. Wa masatifiketi sanamve mpaka lero.

Tsiku lina kunabwera mabwana atatu obwerera ku Lilongwe, mimba patsogolo. Owaperekeza anatula mphatso: matumba awiri a mpunga, dengu la nsomba zouma, mkoko wa nthochi, ndowa ya uchi. Mayi oyendetsa ndege aja anali ku ofesi kufunsa za nyengo. Ndinakoka sikelo, kalaliki n'kundigwira dzanja.

"Iwe, wapenga? Anthu ngati awa ungawaimike pa sikelo ngati mbuzi?"

"Nanga mulemba chiyani, bwana?"

"Sevente aliyense."

Sevente! Wochepa mwa atatuwo ankalemera ngati ine ndi mkazi wanga kuphatikiza. Ndinapima mphatso zija, ndinatchula mokweza, ndiye ndinati mpungawo utsatire pa basi.

"Mphatso siibwezedwa eni ake akuona," anatero. "Longeza, usatichititse manyazi."

Pa fomu analemba thumba limodzi. Uchi ndi nthochi sanalembe n'komwe.

Mayi aja atabwera anawerenga fomu, nayitanitsa mafuta okwanira kulemera kolembedwako, ndi ena pang'ono apadera. Anandifunsa kuti, "Zili bwino, dada?" Kalaliki anali atandiyang'anitsitsa. Ndinati yewo, zili bwino. Chokhacho ndimavomera, ndinachita mantha kuti ntchito indithera. Koma cholembera sindinagwire ine.

Ndege inathamanga bwalo lonse isanadzuke, inapita mopalasa nsonga za bulugamu. M'njira inapeza mvula ya mkuntho, mayi aja n'kulambalala. Mtunda unatalika, ndege yolemera ikumwa, thanki n'kuuma. Anaiteretsa m'munda wa fodya, inagubuduka pa mizere. Palibe anafa. Mayi aja anathyoka msana, sanaulukenso. Mabwana anatuluka ndi timabala, ndipo ndinamva kuti mmodzi ankafunsa za uchi wake.

Ofufuza atabwera ndi majekete awo, kalaliki analankhula Chizungu chokhachokha, akundiloza. Ine ndinangotola mawu awiri, "Sitandade folo". Kenako wina ananditanthauzira: akuti lebala sadziwa kuwerenga sikelo, anatchula manambala olakwika. Ndinayamba kufotokoza, anati ndidikire panja. Ndinadikira mpaka anandipatsa kalata yondichotsa ntchito.

Lero ndimakankha wilibala pa msika. Ku Mchengautuwa ndikadutsa pa bawo amati, "Uyo wogwetsa ndege, bisani njinga zanu!" Zimenezo ndazolowera. Chimene sindizolowera n'chakuti ndinapita ku Nkhata Bay kukaona mayi aja, mlongo wawo n'kundibweza pa khomo. Anati, "Akuti munawanamiza manambala, sakufuna kukuonani."

Kalaliki uja pano ndi mkulu wa mpingo, amawerenga zolengeza. Tikakumana amati, "Monire dada," dzanja pamtima, mano onse panja. Munthu woopa kuuza mnzake kuti wanenepa, lero akuuza anthu za machimo awo!

Iwe kalaliki, ntchito sindikuifuna, moni wakonso sunga. Tikwere limodzi minibasi ya ku Nkhata Bay. Ine ndikapepesa za yewo wanga. Iwe ukagwade pafupi ndi mpando wa mayi aja, ukawauze m'Chichewa kapena m'Chitumbuka, ine ndikumva, kuti manambala a pa fomu ija anali ako.