Chidole cha Lindiwe

Tsiku limene Everlyn anasweka mtima anali atakhala pansi m'kachipinda kochapira zovala ku Karama, dera lina la mu Dubai kumene ankagwira ntchito ya m'nyumba, foni ili kukhutu. Mwana wake Lindiwe, amene anamusiya ku Ntcheu atangoleka kuyamwa, anali atalandira mphatso imene Everlyn anamutumizira: chidole cha tsitsi lalitali. Chidole, kwa mtsikana wa Fomu 1.

"Amayi, inu simundidziwa. Musamandiimbirenso," anatero Lindiwe, n'kudula foni.

Zinamupweteka chifukwa zinali zoona. Zaka zonsezi Everlyn ankalera ana a eni, koma wake m'mutu mwake anali adakali khanda. Akaimba foni, mafunso anali omwewo: wasamba, wadya?

Abwana ake, mayi Sagal, anali Msomali wophunzitsa atsikana achisomali ofuna uphunzitsi. Loweruka lililonse ankasonkhana pabalaza kuphunzira m'Chingerezi mmene mwana amakulira, kuyambira ali khanda mpaka kutha msinkhu. Gawo la Everlyn linali kubweretsa tiyi basi.

Tsiku lina tiyiyo anazizirira m'manja mwake. Mayi Sagal ankafotokoza kuti khanda limafuna kunyamulidwa, koma mwana wosinkhuka amafuna kumvetseredwa. Everlyn anangoima pakhomo, misozi ili mbwembwembwe.

Anapempha kuti aziphunzira nawo, ngakhale manyazi anamugwira poti sukulu anailekeza Fomu 2.

"Yalla, Everlyn, siya makapuwo, khala pansi," anatero mayiwo, pomufulumizitsa ndi liwu lachiarabu loti tiye.

Sizinali zophweka. Mawu a m'mabuku ankamuzungulitsa mutu, ndipo mayeso oyamba analephera mochititsa chisoni. Atsikana aja ankamubwerezera phunziro, iye n'kumawasonyeza kaberekedwe ka mwana ndi chitenje. Analembanso, n'kukhoza.

Kwa Lindiwe anasiya mafunso a kusamba. Sabata iliyonse ankatumiza mawu ochepa, akuti ukafuna kulankhula ine ndilipo, ndingomvetsera. Miyezi inadutsa kuli zii. Sanaleke.

Lero Everlyn amathandiza aphunzitsi pasukulu ina ya mkaka ku Dubai komweko. Koma mukamufunsa chimene amanyadira, satchula satifiketi. Amatchula masana ena foni italira, dzina la Lindiwe likuwala.

"Amayi, pali nkhani imene sindinauze munthu. Muli ndi nthawi?"

Inu amene mukulera ana anu pafoni, mwina nanunso munatumizapo chidole chanu. Musadzitaye. Phunzirani msinkhu umene mwana wanu wafika, mukakumane naye pamenepo. Osataya mtima, foniyo idzalira.