Nsalu Yogwa Kumwamba

Loweruka lapitali mwana wanga anatambasula tenti yatsopano kuseri kwa nyumba yathu kuno ku Leicester, ku Ulaya. Fungo la nayiloni linandibwezera ku Ntcheu, kumene msewu wokha ndiwo unkatilekanitsa ndi nkhondo ya ku Mozambique.

Tsiku lina, ndili mwana, Bambo anagula kumsika nsalu yobiriwira, yoterera ngati tsamba lanthete la nthochi. Wogulitsayo anati inagwa kumwamba. Ine ndinakhulupirira kuti anaiponya ndi angelo, ndipo Mayi analonjeza kundisokera diresi la Khirisimasi.

M'khitchini mwathu munkagona Mayi Luiza, othawa nkhondo. Ataiona nsaluyo patebulo, anatula ndowa ya madzi pansi.

"Amayi, mwanayu musamuveke imeneyi," anatero. "Ndege zakunja zimatsitsira mabokosi a mfuti pa nsalu zotere. Zigawenga zimatola mfutizo, nsalu n'kugulitsa. Zitagwa kwathu, mudzi unapsa sabata isanathe."

"Koma ndi yokongola," ndinadandaula.

"Khala chete, akulu akulankhula," anandidzudzula Mayi anga.

Anaimirira nthawi yaitali, sizasi ili m'manja. Kenaka anaipinda nsaluyo, napita nayo kudzala, naithira palafini. Inasungunuka ngati phula, utsi wake wakuda ndi wotsamwitsa. Pa Khirisimasi ndinapita kutchalitchi nditavala yunifolomu ya sukulu, ndipo Mayi Luiza sindinawalankhule masiku ambiri.

Lero wailesi ikalengeza kuti zigawenga zapeza zida kwinakwake, sindilola mwana aliyense m'nyumba mwanga kunena kuti Aafirika timakonda kuphana, asanafunse kuti ndege yobweretsa zidazo inanyamukira kuti.