Chisanu chimene filimu inawasiya bambo m'mbuyo

Ndikamva fungo la palafini, mpaka lero ndimaona bambo anga atakhala pa kireti yotembenuza pambali pa kanema wathu wachimimba uja, dzanja limodzi lili pabondo, lina lili m'mwamba ngati akuimitsa basi. Kutsogolo kwawo anthu adzaza m'kanyumba kathu kamalata ku Dunoon, majekete onyowa akufuka nthunzi, ana takhala pansi pa makatoni titapinda miyendo, ndipo chitseko chakana kutsekeka chifukwa wina waima pakhomo theka la thupi lili pamvula. Ku Cape Town chisanu ndi dzinja zimabwera limodzi, chinthu chimene amayi sanachikhululukire mpaka pano; ankati dziko lolongosoka limasankha chimodzi, kuzizira kapena kunyowa. Miyezi imeneyo mpira sunkaseweredwa, zovala sizinkauma, matope ankafika m'akakolo. Ndiye Lamulungu masana, tikachoka kutchalitchi, Amalawi a mu mzere wathu wonse ankabwera kwathu kudzaonera filimu. Kapena ndinene zoona: ankabwera kudzamvera bambo.

Makaseti a mafilimuwo anabwera ndi amayi. Ankagwira ntchito ya m'nyumba ku Camps Bay, ndipo tsiku lina abwana awo aakazi, atagula makina atsopano, anawauza kuti akataye deki yakale yoonetsera mafilimu pamodzi ndi katoni yodzaza makaseti a vidiyo. Amayi anga sanatayepo chinthu chimene chikadali ndi moyo. Anazisenza pamutu mpaka pokwerera tekisi, n'kuzifumbata pamiyendo ulendo wonse. Bambo iwo ankagwira ntchito m'nyumba yosungiramo katundu ku Montague Gardens, kukweza ndi kutsitsa makatoni m'malole. Sabata yonse mawu awo anali "yes boss" basi, ndipo kapitawo wawo sanavutikepo kuphunzira dzina lawo, ankangowaitana kuti "Malawi". Ankafika kunyumba atatheratu, kusamba, kudya, kugona. Munthu wowaona Lachitatu sakanakhulupirira kuti ndi omwewa amene Lamulungu ankatsitsa mawu a kanema, kukhosomola pang'ono, n'kuyamba kulankhulira aliyense wa mufilimu m'Chichewa, kuyambira mfumu mpaka hatchi.

Luso limeneli analitola ali mnyamata ku Ntcheu, m'tinyumba ta vidiyo ta pamsika momwe munkakhala munthu wotanthauzira. Mafilimu akale ankawayanja chifukwa sankathamanga. Mu filimu ya akaubowi munthu ankatsika pahatchi, kuimangirira, kusasa fumbi pachipewa, kuyang'ana uku, kuyang'ana uko, ndipo pamene azifika pakhomo la malo omwera mowa bambo anali atatiuza kale kwawo kwa munthuyo, chimene anawalakwira apongozi ake, ndi chifukwa chimene sangabwerereko. Chipululu chonsecho ankachisamutsira ku Nsanje, mapiri n'kukhala a ku Dedza. Ife ana tinkakonda a karate chifukwa chibakera unkachiona pamene chachokera ndi pamene chafikira, munthu weniweni akugwa pansi penipeni. Mvula ikangokata tinkatuluka kukayesezera m'matope mpaka wina alire. A Chimwenye anali a azimayi. Nyimbo zake zinkatalika moti amayi ankatha kuwiritsa tiyi, kugawa mandasi, n'kubwerera mtsikana uja akuzungulirabe mtengo womwewo. Pa nyimbo m'pamene bambo ankapumira n'kunyowetsa kukhosi.

Sindinganame kuti akalewo analibe chilema. Oopseza ake ankatiseketsa, chifukwa chilombo chinkachita kuonekeratu kuti ndi munthu wavala chiguduli, magazi ake ngati utoto wapageti. Makaseti ankachita nkhungu ndi chinyezi, deki inkatafuna tepi pamene nkhani yafika pokoma, ndipo ntchito yanga inali kuisolola pang'onopang'ono, kuiwongola ndi chala, n'kuikulunganso ndi chogwirira cha supuni, anthu akundikalipira kuti ndifulumire. Koma chilema chachikulu chinali china. M'mafilimu amenewo munthu wakuda ankangotulukira atanyamula thireyi kapena akutsegula chitseko, n'kunena mawu awiri ogonja. Apa m'pamene bambo ankaonetsa kuti iwo ndi ndani. Wantchito uja akawerama n'kuvomera lamulo, bambo ankamulankhulitsa kuti, "Idyani, mayi, koma dziwani kuti ndikangochoka ine, nyumba ino mawa igwa." Azimayi, ambiri a iwo antchito a m'nyumba za azungu, ankaimba nthungululu mpaka malata kunjenjemera. Ine, pokhala pafupi ndi kanema komanso nditayamba kumva Chingerezi cha kusukulu, ndinkadziwa kuti zimene bambo akunena si zimene zili mufilimumo. Chingerezi chawo chinali chongokwanira kulandirira malamulo kuntchito. Ankawerenga nkhope, mayendedwe ndi manja, zotsalazo n'kuthirapo zawo, ndipo ine ndinkanyada nazo kwabasi.

Pakati pa chisanu china a Gondwe a ku Rumphi, amene ankaperekera zakudya mu lesitilanti ina ku Camps Bay, anagula makina a dividi ndi kanema wamkulu wokhala ndi masipika. Tisawachimwire, sanachite mwanjiru. Munthu akagula chinthu chabwino amafuna anzake achione. Ndipo chinalidi chabwino. Chithunzi chinali ngwee, chopanda mizere yothamanga ija, moti unkatha kuona thukuta likutsika pamphumi. Galimoto ikaphulika unkaimva m'mimba. Oopseza atsopano ankaopsadi, mnzanga wina mpaka anakana kupita yekha kumpopi. Ndipo kwa nthawi yoyamba ndinaona munthu wakuda akulamula asilikali, wina ali dokotala, wina filimu yonse ili yake. Zimenezi m'makaseti athu munalibe. Choipa chake, achikondi atsopano sankaonereka pamodzi ndi makolo. A Gondwe ankakhala tcheru rimoti ili m'manja, azimayi akuyang'ana kudenga ngati akufufuza podontha. Komabe Lamulungu lotsatira khamu lonse linadutsa pakhomo pathu n'kupitirira.

A Gondwe anabwera okha kudzawatenga bambo, mwaulemu wonse, n'kuwaikira kireti yawo pambali pa kanema watsopanoyo. Filimu inali ya apolisi ndi mbava. Bambo anakhosomola monga mwa nthawi zonse n'kuyamba kutiuza kwawo kwa wapolisi uja, koma asanamalize kutchula mudzi, wapolisiyo anali atalumpha padenga, magalimoto atagundana, ndipo tinali kale mumzinda wina. Anayesa kuthamanga, mawu akupunthwa. Akamalankhulira uyu, pakanema pali kale wina. Thukuta linawatuluka m'chisanu chonse chija. Kenako mnyamata wina dzina lake Yona, amene anali atakhalitsa ku Joni ndipo Chingerezi ankachitafuna ngati chingamu, anatembenuka n'kunena kuti, "Madala, tapumani kaye, please. Tikumva tokha, mukutisokoneza." Ena anaseka, ena anayang'ana pansi. Bambo anatsitsa dzanja lawo lija pang'onopang'ono, ananyamula kireti n'kukakhala kumbuyo pafupi ndi chitseko. Mtima unandiwawa ngati mbamayo yagwera ine.

Masabata otsatira deki yathu inavindikiridwa ndi nsalu. Amayi ankawauza bambo kuti asamapitenso kokanyozeka, koma iwo Lamulungu lililonse ankavala jekete n'kupita, kukakhala kumbuyo komweko ali duu. Kunyumba nakonso mawu anayamba kuchepa, ndipo ine ndinkaopa chinthu chimodzi: kuti bambo a Lamulungu aja apita, titsala ndi a Lachitatu okha, munthu wonyamula makatoni amene palibe akufuna kudziwa dzina lake. Kwa a Gondwe ndinkawayang'ana mobera. Sankaonera ngati anzawo. Maso anali pakanema, koma chala chinkagogoda pabondo nthawi iliyonse chithunzi chikasintha, ndipo milomo inkagwedera popanda mawu. Ndinkaganiza kuti mwina akupemphera, mwina akumutukwana Yona chamumtima.

Ndiye linafika Lamulungu lina la mvula yosakata. A Gondwe anali atalengeza sabata yonse kuti apeza filimu yankhondo yatsopano zedi, imene ngakhale m'tauni anthu anali asanaione. Anaigula pa renki ya matekisi kwa anyamata oyala madisiki pakatoni, ndipo monga tinkachitira tonse, anakhulupirira chithunzi cha pachikuto osaiyesa. Nyumba inadzaza kuposa kale. Filimu itayamba, chithunzi chinali bwinobwino, mfuti zikulira bwinobwino, koma asilikali atayamba kulankhula, m'kamwa mwawo munatuluka chilankhulo chimene palibe anachimvapo, ndipo mawu olembedwa m'munsi anali a zilembo zonga mapazi a nkhuku. A Gondwe anadina rimoti mbali zonse. Yona anapendeketsa mutu, kumvetsera, n'kuvomera kuti ichi ndiye si Chingerezi. Anthu anayamba kufunafuna maambulera awo. Pamenepo akazi awo a Gondwe, amene kuyambira pachiyambi sankatola Chingerezi chothamanga chija koma ankangokhala chete mwamanyazi, anaimirira n'kuyang'ana kumbuyo. "Alamu, tatithandizani," anatero kwa bambo. "Ife masabata onsewa tikungoona anthu akuthamanga, chimene akuthawa osachidziwa."

Bambo sanafulumire. Anavula jekete, kulipinda, kundipatsa ine, n'kunyamula kireti yawo kudutsa pakati pa anthu. Atangoyamba, ndinazindikira chimene chala chija chinkachita masabata onse aja: chinkayeza mpata. Sanayambe ndi mudzi wa munthu kapena apongozi ake. Ankaponya mawu ochepa pakati pa kulira kwa mfuti, n'kukhala chete, n'kuponyanso, ngati woimba ng'oma amene akudziwa pamene phazi la wovina ligwere. "Uyu ndi mkulu wake. Amunamiza." Bomba phuu! "Akudziwa, koma apitabe." Filimu ikathamanga ankaisiya ithamange, koma ikangopuma kuti msilikali amange chilonda, bambo ankalowa ndi mawu awo onse akale aja, n'kutiuza za amayi ake a mnyamatayo amene akudikira kumudzi osadziwa ngati mwana wawo adzabwerera wamoyo. M'nyumbamo munali anthu osiya makolo kutali okhaokha. Ndinamuona Yona akupukuta m'maso ndi chipewa, akunamizira utsi wa palafini. Filimu itatha palibe anadzuka msanga, kenako a Gondwe anayamba kuwomba m'manja, nyumba yonse n'kutsatira. Yona yemweyo ndi amene anawanyamulira bambo kireti mpaka kwathu, ndipo njira yonse sanati madala, ankawatchula dzina lawo, a Chimwaza. Ine ndinkayenda patsogolo jekete lili m'manja, mvula ikundinyowetsa, ndikufuna kuti Dunoon yonse idziwe kuti awa ndi bambo anga.

Kuyambira pamenepo tinkasinthana, Lamulungu lino kwathu, linalo kwa a Gondwe, koma mkangano wa akale ndi atsopano sunathe. Anyamata ankati akale ndi ogonetsa tulo, azibambo ankati atsopano ndi phokoso lokhalokha. Bambo sankalowa mbali. Ankati akale amakupatsa nthawi yoti uganize koma amaiwala kuti nawenso wakuda ndiwe munthu, pamene atsopano amakuika kutsogolo koma salola kuti upume. Onse amafunika munthu wowathandiza pamene aperewera. Lolemba ankabwerera ku Montague Gardens kukakhala "Malawi" wonyamula makatoni, koma ankapita khosi lili chilili.

Deki ija inafa kalekale, ndipo bambo ndi amayi anabwerera ku Ntcheu. Lero aliyense ali ndi filimu yake m'thumba, amaonera yekha pafoni makutu atatseka, ndipo zithunzi zake n'zokongola kuposa zonse zimene tinkalota. Koma chitseko chokana kutsekeka chija sindinachionenso, ndipo ndimachisowa. Chaka chatha ndinapeza imodzi mwa mafilimu a m'katoni ya amayi ija, yoyeretsedwa bwino, mawu ake onse omveka, n'kukhala pansi kuionera ndi mwana wanga wamkazi. Mayi wantchito uja analowa ndi thireyi, anawerama, ananena mawu ake awiri aja n'kutuluka. Mwana wanga anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Basi? Mayi amenewa alibe zina zonena?" Ndinabweza filimuyo m'mbuyo, ndinatsitsa mawu, n'kukhosomola pang'ono. "Ali nazo," ndinatero. "Tamvera."