Wotchi ya a Belu

Ku holo ya khonsolo onse amangoti a Belu. Ndi bambo wowonda, wa jekete loperepeseka m'zigongono, ndipo amakhala kumapeto kwa tebulo la makhansala, wotchi yoduka lamba kumanzere, kabelu kamkuwa kumanja. Anayamba ngati mesenjala, kusanja mabenchi ndi kuyendetsa makalata. Za wotchizi anawapatsa chifukwa ena onse ankazikana. Ndani angakonde kudula anthu pakamwa pagulu? Pa msonkhano wa anthu onse, aliyense amapatsidwa mphindi zitatu. Belu likalira, mlembi amaika cholembera pansi, ndipo chimene sichinalembedwe khonsolo siichidziwa. Zaka khumi ndi zinayi a Belu sanawonjezerepo munthu nthawi. Analizira belu ngakhale mlamu wawo, ndipo mlamuyo mpaka lero akakumana nawo amayang'ana kumbali.

Telala wina wachitsikana ankazidziwa zonsezi, n'chifukwa chake mtima unali m'mwamba pamene ankalembetsa dzina pakhomo. Pafupi ndi khonde limene amasokerapo pamadutsa ngalande yakuya ya simenti, yopanda chivindikiro. Mvula yapitayi mwana wake wa zaka zitatu anagweramo, madzi n'kumukokolola mpaka pamlatho, pomwe wogulitsa makala anamugwira mwendo. Chiyambire tsikulo, akamasoka amamumangirira mwanayo nsalu m'chiuno, kwinako n'kumanga ku mwendo wa mashini. Mitambo inali itayambanso kuda, ndipo msonkhano wina unali wa miyezi itatu kutsogolo.

A Belu anayang'ana pepala limene linali m'manja mwake, lodzaza mbali zonse ziwiri.

"Achemwali, zonsezi mukawerenge?"

"Eya, bambo. Ndayamba ndi kulonjera akuluakulu."

"Akuluakulu adzuka bwino, ndawaona ndine. Inu mukanene malo, chimene chachitika, ndi chimene mukufuna. Malonje mukawapatse panja, kunjako kulibe belu."

Telala anakhala pabenchi yachitatu, mwana ali pamiyendo. Woyamba kulankhula anali bambo wa tayi yofiira. Analonjera wapampando, wachiwiri wawo, makhansala mmodzimmodzi, anathokoza ngakhale amene anasesa holo. Atangoti, "Tsopano nkhani yanga," belu linati ngee!

"Aa! Inu a Belu, wotchi yanuyo ili ndi njala?"

"Yadya malonje anu, bambo. Yakhuta."

Anthu anaseka, koma telala sanaseke. Anaona cholembera cha mlembi chikugona pabuku popanda mzere ngakhale umodzi.

Atamuitana, anapatsira mwana mayi woyandikana naye n'kupita kutsogolo. Maikolofoni inali yayitali kumuposa. Anayang'ana pepala, zilembo zonse zinkangosambira. Anayang'ana nkhope za patebulo, wina akudinadina foni, wina akutsegula botolo la madzi. M'makutu mwake munkangomveka mkokomo wa madzi aja ndi mawu a wamakala akukuwa. Anaima choncho osayamba kuwerenga, ndipo holo inayamba kung'ung'udza.

Khansala wina wonenepa anagogoda tebulo. "A Belu, mwagona? Nthawi ya mayiwa yapita theka. Tili ndi anthu ambiri pamndandanda."

A Belu sanakweze mutu. Chala chawo chinali pamwamba pa wotchi, chisanadine.

"Nthawi imayamba pa mawu oyamba a wolankhula, bwana. Zili pa tsamba lachiwiri la malamulo a msonkhano. Munavomereza nokha, ine ndinangomata pakhomo."

"Ndiye akaima mpaka mawa?"

"Ndiye tikhala mpaka mawa. Sanalankhule."

Wapampando anakweza dzanja, holo inati zii. Telala anaona chala chija chikumudikira, chala chomwecho chimene sichinamvere chisoni mlamu. Anapinda pepala lake n'kuliika m'thumba.

"Msewu wa kuseri kwa msika, moyang'anizana ndi chigayo," anatero, ndipo anamva wotchi ikuti tche. "Pali ngalande yosavindikira. Mwana wanga uyo apoyo anagweramo, anamuvuula pamlatho atamwa madzi. Ndimamumanga ngati mbuzi kuti ndisoke. Pamzere wathu pali ana asanu ndi anayi. Ndikupempha muivindikire mvula isanabwere."

Anathera pomwepo. Mwana atamva mawu a mayi ake m'chimkuzamawu anaitana kuti, "Amama!"

"Mwatsala ndi mphindi ziwiri, achemwali," anatero a Belu motsitsa mawu. "Ndi zanu."

Telala anatembenukira kwa mlembi. "Ndiye ndikufuna kumva zimene alembazo."

Mlembi anadabwa, koma wapampando anagwedeza mutu movomereza, ndipo mlembiyo anawerenga: malo, ngalande, ana asanu ndi anayi. Wapampando anafunsa injiniya wa khonsolo kuti angapite liti kukayeza. Injiniya anayamba za mapulani a chaka chamawa, koma maso a holo yonse anali pa iye, mpaka anati Lachinayi. Mlembi analemba Lachinayi, kenaka belu linalira.

Potuluka, telala anawapeza a Belu akukulunga kabelu m'kansalu.

"Zikomo, bambo."

"Sindinakupatseni kanthu ine. Lachinayi mukhale pakhonde, akabwera muwaonetse pamene mwana anagwera." Anaika wotchi m'thumba la jekete n'kuyamba kusanja mabenchi.