Geti la a Idrisa

A Idrisa anakalambira patebulo lojambulira mapulani a nyumba. Zaka zonsezo ankajambula zimene ena alamula: zimbudzi za pamsika, magolosale, timidadada ta lendi. Mutu anali nawo, koma kuno munthu wamutu amakumbukiridwa zinthu zikathina.

Bungwe lina litafuna kumanga sukulu yophunzitsa kujambula ndi kumanga nyumba pafupi ndi Boma, linapeza kuti pamalopo pamadutsa njira yochokera kumzikiti kupita kumanda. Anthu anakana kwamtuwagalu. Apo m'pamene abungwe anakumbukira kuti kuli a Idrisa.

Pojambula, a Idrisa anagawa nyumbayo pakati, makalasi uku ndi uku, denga limodzi, njira n'kumadutsa pansi pake monga kale. Anaikapo mabenchi asimenti ndi mpopi. Sukulu itatsegulidwa, amayi a usipa ankatulapo mabeseni, akabaza ankabisalapo mvula, ndipo jeneza, chonyamulira maliro chija, likamadutsa ophunzira ankaimirira, onse zii.

Kenaka kunabwera mkulu wa sukulu watsopano, a Layson, munthu womanga tayi ngakhale mu Okutobala.

"Madala, ino ndi sukulu kapena depoti? Mbuzi m'khonde, fungo la usipa, maliro nthawi ya mayeso! Mutijambulire mpanda."

"Bwana, womwalira sadziwa za mayeso."

"Mukakana ajambula wina, ndipo ameneyo sasiya ndi kabowo komwe."

Izi zinawaopsa a Idrisa. Anajambula mpandawo, nasiya geti panjira, n'kumadziuza kuti apulumutsa njira. Za amene azisunga kiyi sanafunse. Anthu atang'ung'udza kumzikiti, a Idrisa analumbira pamaso pa shehe kuti getilo silidzatsekera maliro.

Akulu awo, a Fakiri, anamwalira Loweruka m'mawa, mkati mwa dzinja. Msilamu sagonetsa mtembo, ndipo wolowa m'manda kukaulandira anayenera kukhala a Idrisa, m'bale yekhayo wotsala. Jeneza linafika pageti masana, n'kupeza loko ali lende. Mlonda anati kiyi apita naye abwana kuukwati ku Salima.

"A Idrisa, tizungulire kudambo," anatero shehe.

"Ayi, a shehe. Achimwene adutsa pompano. Njira iyi ndinajambula ndine."

"Lokoyunso munajambula ndinu, bambo aang'ono?" anafunsa Hamza, mwana wa malemu, phewa lili pansi pa jeneza.

Anadikira mpaka mitambo itayamba kuda kunyanja. Shehe anakweza dzanja, amuna aja n'kutembenuka ulendo wakudambo.

A Idrisa sanawatsate. Anatola mwala n'kuyamba kumenya loko, ali ndi chikhulupiriro chonse kuti athyola msanga n'kuwaitana abwerere.

"Madala, chonde, mundichotsetsa ntchito," anadandaula mlonda.

Anamenya mpaka zala zinachucha magazi. Loko sanatheke. Mvula itayamba, anataya mwala uja n'kulowa m'dambo okha, madzi m'chiuno, matope akugwira miyendo yaukalamba. Potulukira tsidya linalo anakumana ndi anthu akubwerera, mikanjo yanyowa, makasu pamapewa. Ambiri anayang'ana kumbali. Hamza yekha ndiye anaima.

"Taika, bambo. Tinakuitanani katatu pamanda. M'malo mwanu munalowa a Kalilu, oyandikana nawo nyumba aja."

A Idrisa anafunsa ngati manda akwirira kale onse.

"Onse," anatero Hamza, nadutsa.