Waya Womangidwa ndi Mphira

Amuna anga atamwalira anandisiyira ana awiri ndi galimoto yakale yoyera ya bokosi kumbuyo, imene inali yaikulu kuposa ine pa zaka. Tinabwera nayo ku Chama kuchokera ku Chipata pomwe boma linanditumiza kudzaphunzitsa. Zitseko zake zinkafuna kumenyedwa kuti zitseke, koma injini sinkavuta. Ukangopotokola kiyi, inkalira.

Pa maliro pomwe, alamu anga, akulu awo a malemu, amene amalima ku Tembwe, anaizungulira kawiri n'kugogoda matayala ndi phazi. Ine ndinawaona. Kuyambira tsiku limenelo makiyi ndinkawamanga pa nsonga ya chitenje.

Chaka chotsatira, anthu atakolola, alamu anabwera kudzaibwereka kuti atutire chimanga. Ndinafuna kukana, koma mawu okanira sanapezeke. Anaitenga Lachisanu, anaibweza Lolemba masana ndili kusukulu. Makiyi anasiyira aneba, iwo n'kubwerera osandidikira.

M'mawa mwake ndinapotokola kiyi. Zii. Ndinayesanso, kunangomveka kuti "thi" kamodzi, basi. Timagetsi ta kutsogolo kwa chiwongolero tinkayaka n'kuzima ngati tikuphethira. Mtima wanga unathamangira ku Tembwe. Ndinali nditamvapo za anthu obwereka galimoto n'kuchotsamo zitsulo zabwino, kuikamo zakufa. Ndipo munthu wosalakwa amathawiranji osapereka moni?

Ndinakaitana makanika wina wachikulire wa kuseri kwa msika, amene kale ankakonza magalimoto okonza misewu. Anabwera pa njinga, zida atazikulunga m'thumba la feteleza.

"Abambo, muyang'ane bwino sitata, chija choliza injini," ndinatero. "Ndikuganiza kuti aisintha."

"Ndani?"

"Muyang'ane chabe."

Sanafunsenso. Anayamba ndi batire. Anayatsa nyali zakutsogolo, zinawala bwino. Anapala mitu ya batire ndi mpeni, anamanganso, tinayesa, osalira. Kenaka anayala thumba lija pansi n'kulowa kunsi kwa galimoto. Ndinagwada pambali pake kuti ndione chilichonse chimene manja ake ankagwira, chifukwa pofika apo nayenso sindinkamukhulupirira. Chama ndi yaing'ono. Ndinkadziwa bwanji kuti sadziwana ndi alamu?

"Amayi, onani mabauti awa," anatero. "Dzimbiri lake ndi la zaka. Palibe sipanala yakhudzapo."

Anandiuza kuti ndichotse giya, ndikoke buleki ya pamanja, ndiime patali. Anagunditsa sikuludiraiva pa timitu tiwiri ta pa sitata. Kunathetheka moto, sitata n'kuzungulira mwamphamvu.

"Sitata ni yamoyo. Manje vuto ili pakati pa kiyi na sitata. Moto siufika."

Ndinachita manyazi pang'ono, koma sanakhalitse. Makanika anamasula chivundikiro cha pansi pa chiwongolero n'kuyamba kutsata mawaya mmodzimmodzi ndi kababu koyesera moto. Mawaya onse anali akuda ndi fumbi, olimba ngati mizu. Pakati pawo panali wina wofiira wodulidwa, wolumikizidwa ndi kachidutswa ka waya wa wailesi, pomangapo ndi mphira wa chubu cha njinga. Mphirawo unali watsopano. Ataugwedeza, kababu kanayaka n'kuzima.

"Uyu adula dala?" ndinafunsa.

"Kudula adula na mpeni. Chifukwa chake, ine siningadziwe. Funsani mwine wake wa mpeni."

Ndinamuletsa kutaya kachidutswako. Anaika waya watsopano kuchokera pa swichi mpaka pa sitata, galimoto inalira kamodzi n'kamodzi. Loweruka ndinanyamuka kupita ku Tembwe, waya uja ndi mphira wake zili m'chikwama. Njira yonse ndinkakonza mawu. Ndinkati alamu anafuna kuti izindivuta, nditope nayo, ndiwapatse.

Ndinawapeza akutonola chimanga pa mphasa ndi akazi awo. Titapatsana moni, ndinatulutsa waya n'kuuika pamphasapo. Akazi awo anadzuka kukatenga madzi amene palibe anawapempha.

"Alamu, ichi n'chiyani?"

Anautola pamphasapo.

"Mulamu, motoka inatitimira mu mchenga pa kamtsinje, matumba ali pamwamba. Inazima. Ninaliza, ninaliza, mpaka utsi unayamba kuchoka pansi pa chiwongolero. Waya uyu unali kupsa. Ninadula kuti moto usagwire yonse."

"Nanga osandiuza bwanji? Munasiya makiyi kwa aneba ngati munthu wothawa."

"Ninathawadi," anatero. "Imwe kuchokera pa maliro muniyang'ana monga kawalala wofuna kukuberani. Nikanakuuzani kuti motoka ya mufana wanga inafuna kupsa mu manja mwanga, mukanakamba chani?"

Anamasula nsanza imene anakulunga pa zala n'kunditambasulira dzanja lamanja. Pa chala chachikulu ndi cholozera panali matuza ophulika, khungu loyera. Ndinayang'ana waya uja bwinobwino, ndipo kumapeto kwake pulasitiki inali yosungunukadi. Kunyumba ndinali nditaona mphira wokha.

Sindinapepese, ndisaname. Ndinangoti chilondacho asamachimange ndi nsanza yakuda, apite nacho kuchipatala. Anandikwezera thumba la chimanga ndi maungu atatu kumbuyo kwa galimoto, ine n'kunyamuka dzuwa likadalipo.

Makanika nditamufotokozera, anati n'zotheka, waya wokalamba umapsa ukaliza sitata mosalekeza. Kenaka anawonjezera kuti machesi nawonso amasungunula pulasitiki chimodzimodzi. Anaseka, ine sindinaseke.

Chaka chinacho alamu anabweranso nthawi yokolola. Ndinawauza kuti galimoto ipita, koma ndiyendetsa ndekha. Anavomera. Tinayenda maulendo anayi tsiku limenelo, iwo atakhala pambali panga akundilozera poponda pa mchenga wa kamtsinje kaja, ndipo sitinatitimire.